Kapeti wa pa masitepe: kayezedwe ndi kamatidwe kake kuti asagwetse munthu

Nyumba zosanja zikuchuluka m'tauni muno, ndipo masitepe ake ambiri ndi a matailosi onyezimira aja. Pachithunzi amaoneka bho, koma akangonyowa amaterera ngati therere. Mu June chaka chatha azakhali anga anagula kapeti wa pakaunjika n'kungomuyala pa masitepe, osamumata. Sabata isanathe kapetiyo anasuntha iwo akutsika ndi beseni la zovala, mkono n'kuthyoka. Mmisiri atabwera kudzakonza ndinamuthandiza masiku awiri, ndiye ndalemba apazi ndi zomwe ndinaona ndi maso anga. Mfundo yake ndi imodzi basi: kapeti wongoyala ndi woopsa kuposa masitepe opanda kanthu.

Kuyeza

Sitepe ili ndi mbali ziwiri, popondapo ndi kakhoma koimirira. Yezani zonse ndi tepi n'kuphatikiza. Kwa azakhali popondapo panali masentimita 27, kakhoma 18, pamodzi 45. Masitepe analipo 14, ndiye tinafunika masentimita 630, omwe ndi mamita 6.3. Tinaonjezera theka la mita la podula ndi popinda. Musayeze sitepe imodzi n'kuganiza kuti zonse n'zofanana, omanga ena amasiyanitsa ndi sentimita imodzi kapena awiri.

Kapeti wa pa masitepe amakhala wocheperako m'lifupi, kuti m'mbali muzioneka. Ngati masitepe ndi a masentimita 90 ndipo kapeti ndi wa 70, siyani 10 mbali iliyonse. Lembani mizere ndi choko kuyambira pamwamba mpaka pansi, apo ayi mudzazindikira mochedwa kuti wapita chokhota.

Kusankha kapeti

Wa ubweya wautali uja ndi wa pabalaza. Pa masitepe amabisa m'mphepete mwa sitepe, phazi n'kuphonya. Sankhani wa ubweya waufupi, wolimba. Musisiteni ndi dzanja kuti mudziwe komwe ubweya wagonera, ndipo pomuyala ugonere chotsika. Mukatero sakutha msanga. Ngati mwamudula ku kapeti wamkulu, pitani naye kwa osoka mipando ya sofa akapinde m'mbali, chifukwa ulusi ukayamba kusomphoka umakola zala za ana. Wa pakaunjika muyambe mwamuchapa n'kumuumitsa padzuwa, musalowetse nsikidzi m'nyumba ndi ndalama zanu zomwe.

Kumata

Yambirani pamwamba, muzitsika sitepe imodziimodzi. Ngati masitepe ndi a matabwa, amisiri amakhomera timatabwa ta misomali yoloza m'mwamba, kamodzi kumbuyo kwa popondapo, kena m'munsi mwa kakhoma, kenaka kapeti amamukanikizira pakona pakati pa tiwiriti.

Pa simenti kapena matailosi pamafunika guluu wa kontakiti. Tsukani polishi yense, pansi paume. Pakani guluu pa sitepe ndi kunsi kwa kapeti, dikirani mphindi 10 kapena 15 mpaka asiye kukakamira ku chala, ndiye gwirizanitsani. Apa palibe zobwereza, akagwira wagwira. Kokani kapeti kuti athine pa mlomo wa sitepe, ndipo pakona kanikizani ndi thabwa losathwa. Tindodo tachitsulo topingasa pakona timakongoletsa, koma patokha sitiletsa kapeti kusuntha pa matailosi.

Pokhotera masitepe

Kabwalo kamene kali pomwe masitepe amakhotera kapena kuthera, kamene amisiri amati landing, kayezeni pakokha. Dulani chidutswa chimodzi chokwana kabwaloko, chipinde pa mlomo n'kutsika kakhoma koyamba, chikakumane ndi kapeti wa m'masitepe pakona. Musalumikize pa mlomo wa sitepe kapena pakati pa popondapo, pamenepo ndi pomwe chidendene chimatukula kapeti. Ngati pali chitseko, yesani kaye ngati chikutseguka kapeti ali pansi, ndipo pakhomo ikani kachitsulo kopanikiza m'mphepete.

Zoti musaiwale

Guluu wa kontakiti amagwira moto msanga ndipo fungo lake limazunguza mutu. Tsegulani mawindo onse. Magetsi akazima ntchito ili mkati, yatsani tochi ya pafoni, osati kandulo, ndipo mbaula ikhale kutali.

Simenti yachinyezi sigwira guluu. Ntchitoyi ndi yabwino nyengo youma, osati January mvula ili pakati, chifukwa kapeti amachita nkhungu kunsi n'kuyamba kununkha.

Inu a lendi, funsani kaye alandilodi. Guluu amavuta kuchotsa pa matailosi, ndipo tsiku losamuka mkangano wa dipoziti umayambira pomwepo. Akavomera, akulembereni ngakhale pa WhatsApp.

Mukamaliza, masitepewo apume tsiku lathunthu. Mawa lake pondani sitepe iliyonse mukukankhira phazi kutsogolo. Pomwe pasuntha, ngakhale pang'ono, tukulani mumatenso, musati tidzaona mawa. Ndipo ngati ndalama ya guluu ndi mmisiri sinakwane, aise, mukulunge kapetiyo mumuike pakona kaye. Azakhali anakhala masabata 6 ndi chikhakha chifukwa cha kapeti amene anagula kuti mapazi asamazizire.