Funso la Mwala Wolemera

Funso la mwala wolemera ndi mkangano wa akatswiri a filosofi pa chiphunzitso chakuti Mulungu ndi wamphamvuzonse. Limati: kodi Mulungu angalenge mwala woti iye mwini alephere kuunyamula? Akaulenga, ndiye kuti pali chimene sangathe, kuunyamula. Akalephera kuulenga, palinso chimene sangathe.

Thomas Aquinas (1225–1274) anaphunzitsa kuti mphamvu zonse zimakhudza zinthu zotheka zokha, osati zodzitsutsa. George Mavrodes anayankha funso la mwala ndi mfundo imeneyi mu 1963. René Descartes (1596–1650) ankati Mulungu ndiye anakhazikitsa malamulo a masamu, choncho samangidwa nawo. Mu 1964 Harry Frankfurt ananena kuti Mulungu wotha kuchita zodzitsutsa angalenge mwalawo n'kuunyamulanso.