Marcion ndi Mpeni Wace

Mwa mafunso amene ana a sukulu afunsa pa phunziro la Mau a Mulungu, lobvuta koposa ndi ili: ngati Mulungu ali wacifundo, analolanji zimbalangondo kukadzula anyamata 42 amene anaseka dazi la Elisa? Funsoli silinayambe ndi ana a masiku ano. Linagawanitsa Eklesia wa ku Roma zaka zoposa 1,800 zapitazo.

Mwini mlanduwo anali Marcion, wa ku Sinope, mudzi wa m'mbali mwa Nyanja Yakuda, m'dziko limene lero ndi Turkey. Anali mwini zombo, munthu wacuma. Pofika ku Roma, ca m'ma 140, anapereka kwa Eklesia mphatso ya ndalama zaciroma, masesiterisi 200,000. Analemba buku lochedwa Antitheses, ndiko kunena Zotsutsana, ndipo m'menemo anandandalika nkhani ziwiriziwiri. Kuno Elisa atemberera ana, uko Yesu aitana ana adze kwa Iye. Kuno Eliya atsitsa moto pa asilikari, uko Yesu adzudzula Yakobo ndi Yohane pofuna iwo kutentha mudzi wa Asamariya. Marcion anawerenga bwino ndithu, pakuti nkhanizo zilimodi m'Buku, ndipo palibe anamtsutsa kuti wazipeka.

Cimene anatola pamenepo ndico cinaopsa anzace. Anati milungu ili iwiri: Mlengi wa Cipangano Cakale, woweruza wouma mtima, ndi Atate wa Yesu, wokoma mtima yekhayekha, wosalanga munthu. Cotero anataya Cipangano Cakale conse, nasunga Uthenga wa Luka wokha, ataucotsa nkhani za kubadwa kwa Yesu, pamodzi ndi makalata 10 a Paulo. M'caka ca 144 Eklesia anamturutsa, nambwezera ndalama zace zonse. Koma mipingo ya Marcion inafala, ndipo ku Suriya inakhalako zaka mazana angapo.

Buku lace linatayika. Lidziwika lero mwa adani ace, makamaka Tertullian wa ku Carthage, amene analemba mabuku 5 omtsutsa ca m'ma 207. Tertullian, munthu wa lilime lakuthwa, ananena kuti Marcion anagwira Malembo ndi mpeni m'malo mwa colembera. Yankho lace lenileni linali lakuti mulungu woletsa coipa koma wosacilanga ali ngati sanaciletse konse. Mphunzitsi ali yense amene anaika lamulo m'kalasi nalilekerera adzamva msanga mau amenewo.

Komatu cinagwetsa Marcion koposa ndi cakuti malire ace sanagwe pamene iye anawalemba. Pa Eksodo 34:6-7 cifundo ndi cilango zili m'mau amodzi. Yona anapsa mtima cifukwa Mulungu wa Cipangano Cakale yemweyo anakhululukira Nineve. Ndipo m'Luka amene Marcion anasunga munatsalabe fanizo la mwini cuma wozunzika m'moto, kotero kuti anacita kulikhotetsa, nanena kuti motowo ngwa Mlengi uja.

Akatswiri ambiri a mbiri aganiza kuti mndandanda waufupi wa Marcion unafulumiza Eklesia kuchula poyera mabuku amene awabvomereza. Nchitoyo inatenga nthawi. M'caka ca 367 Athanasius wa ku Alexandria analemba m'kalata wace wa Paskha maina a mabuku 27 a Cipangano Catsopano, ndipo pamwamba pace anaika a Cipangano Cakale. Mabuku a Mafumu anali momwemo, ndi nkhani ya zimbalangondo za Elisa yosacotsedwa.