Kuyenda m'Chilengedwe Pamene Mtima Walemedwa

Kuyenda pansi pakati pa mitengo, m'mbali mwa mtsinje kapena kuphiri kumapeputsa mtima wolemedwa ndi nkhawa, ndipo usiku tulo timabwera msanga. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti theka la ola kwa masiku asanu.

Ife Akatolika mwambowu tili nawo kale, monga Njira ya Mtanda ya paphiri la Michiru ku Blantyre, ngakhale ambirife timaikumbukira pa Lenti pokha. Pokachezera wofedwa, timpemphe tiyende naye pang'ono. Ena amamasuka kulankhula ali panjira.

Koma chisoni chikapitirira masabata awiri, munthu osadya, osagona, kuyenda kokha sikukwanira. Timperekeze kuchipatala, monga cha St John of God ku Mzuzu kapena Lilongwe. Akatchula zodzipha, tipite naye tsiku lomwelo.