Kulondola Kumene Makolo Anachokera

Chaka chiri chonse sukulu ikamatsegulidwa ndimakhala pa khonde la ofesi ndi buku lalikulu lolembamo maina a ana atsopano. Mwana akafika ndimamfunsa dzina lache, kenaka dzina la atate wache, ndipo maina awiriwo ndiwo amene adzayenda nao moyo wache wonse, pa mayeso, pa chiphaso, kufikira pa mwala wa pamanda. Nchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri, koma ndiyenera kuvomera kuti dzina lotere limanena theka lokha la choona. M'midzi yambiri ya kuno ku Dedza ndi Ntcheu mwana ndi wa kwa amai ache. Munda umene adzalima, mbumba imene idzamsunga, ndi unyakwawa umene angadzalowe, zonsezi zimadzera ku bele la amai, koma m'dzina limene ine ndimalemba mbali imeneyo sioneka konse.

Tsiku lina ndinauza ana a Sitandade 7 kuti akafunse kwao kumene makolo ao anachokera. M'mawa mwache mayankho anali a mitundu iwiri yokha. Ena anati, “Tinachokera ku Uluwa,” ndipo ena anati, “Tinachokera kwa Zulu.” Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula mudzi, mtsinje, kapena dzina la munthu.

Mayankho awiriwo sanali abodza. Mbiri imene akulu anasunga, imenenso Samuel Ntara anasonkhanitsa m'buku lache lotchedwa Mbiri ya Achewa, imati makolo a Amaravi anachokera ku Uluwa, dziko la Aluba limene liri ku Katanga m'dziko la Congo. Sanafike tsiku limodzi ai. A Banda ndiwo amawerengedwa oyamba, eni nthaka ndi eni nsembe za mvula, ndipo malo ao opatulika anali ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, ndi ku Msinja kumene kunkakhala Makewana. A Phiri anadza pambuyo ndi ufumu wa Kalonga, nakhazika likulu lao ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka. M'kupita kwa nthawi ufumuwo unagawikana. Undi analowera kumadzulo, ku Mano m'dziko limene tsopano liri Mozambique, ndipo Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku chigwa cha Shire. Izi si nthano za pamoto chabe. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, poyenda ulendo wochokera ku Tete kunka ku Kilwa m'chaka cha 1616, analemba za mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura. Ndiponso Yusuf Juwayeyi pofukula pa Mankhamba anapeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ndi mapale a mbale za ku China, zosonyeza kuti pamenepo panali mudzi waukulu wa malonda.

Nawonso ana amene anati “kwa Zulu” anali ndi pogwira. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Angoni a Maseko anayenda njira yaoyao, nafika mpaka ku Songea kutsidya la nyanja, kenaka anabwerera nadzakhazikika ku Domwe kufupi ndi Dedza cha m'ma 1870.

Koma zonsezi ndi njira za mafumu. Munthu wofuna kudziwa makolo ache enieni sangayambire ku Uluwa kapena kwa Zulu nkumatsika; ayenera kuyambira pa khomo la amai ache nkumakwera, munthu mmodzi mmodzi. Ndipo pa njirayo pali misampha. Wina ndi wa mfunda. Akulu amati kale mfunda unkatsata kuchikazi, monga momwe ufumu wa Kalonga unkadzera mwa Nyangu, koma masiku ano ambiri timatenga mfunda wa atate. Kotero munthu angakhale Phiri pa dzina koma tsinde lache liri kwa a Mbewe kapena a Mwale. Msampha wina ndi wa maina olowa. Munthu akalowa ufumu amalowanso dzina ndi chibale chonse cha malemuwo, ndipo mfumu yokalamba ingathe kukuuzani kuti, “Ine ndinachoka ku phiri lakuti pothawa nkhondo,” chikhalirecho amene anathawayo ndi atsibweni a atsibweni ache. Ukapanda kudekha ulemba anthu anai ngati munthu mmodzi. Mabuku a ubatizo a ku mishoni, monga ya Nkhoma imene inayamba m'chaka cha 1896 ndi ya Mua ya m'chaka cha 1902, amathandiza ndithu, koma ali ndi vuto lakuti munthu analowamo ndi dzina latsopano, lakale nkutsala panja.

Nditaona kuti ana anga a sukulu alephera, ndinachita manyazi pozindikira kuti ine mwini sindikanayankha bwino koposa iwo. Dzina la atate anga nla Chingoni, ndipo ndiri mnyamata ndinkanyada nalo kwambiri. Pa gule wa ngoma ndinkagwira chishango ngati kuti ndinaoloka Zambezi ndi miyendo yanga. Za kwa amai sindinafunsepo. Tsono pa tchuthi cha m'chaka cha 2015 ndinapita kwa agogo anga akazi, amai ao a amai, amene ankakhala m'mudzi wina kumpoto kwa boma la Ntcheu.

Agogowo zaka sankazidziwa, koma ankadziwa zochitika, ndipo zochitika ndizo kalendala wa anthu akale. Anati mwana wao woyamba, atsibweni anga, anali pa bele m'chaka cha njala yaikulu. Imeneyo ndi njala ya 1949, kotero iwo anabadwa cha m'ma 1930. Anatinso amai ao anali buthu lotha kutunga madzi pamene matenda a fuluwenza anapulula anthu, ndiye kuti 1918. Kufikira apa nkhani inkayenda bwino, ndipo ine ndinkalemba mokondwa. Koma nditafunsa za agogo ao, anayamba kusonkhezera moto umene unali kuyaka kale.

“Amuna anga,” anatero, pakuti ndi momwe ankanditchulira monga mdzukulu, “kodi mwabwera kudzandivula pa anthu?”

Ndinakhala masiku atatu osafunsanso kanthu. Usiku wachitatu, ena onse atagona, ananena okha ndi mau apansi kuti agogo aowo sanabadwire m'mudzimo. Anabwera ndi nkhondo. Anagwidwa ali kamtsikana kosatha msinkhu, naleredwa m'nyumba ya msilikali wina, ndipo atakula anakwatiwa momwemo. Pamene Azungu anapha Inkosi Gomani, m'chaka cha 1896, iwo anali ndi mwana wao woyamba kumbuyo. Powerenga chobwerera ndinaona kuti anagwidwa cha m'ma 1880, m'masiku a Chikuse, pamene Achewa ambiri ankagona m'malinga ndi m'mapanga a mapiri chifukwa cha nkhondo za Angoni.

Owerenga asaganize kuti mantha a agogo anga anali achabe. Liu lakuti “kapolo” likadali ndi mano. Pa mlandu wa munda kapena wa unyakwawa, munthu akasowa mau amathawira komweko nati, “Inu ndinu obwera, agogo anu anagwidwa,” ndipo banja lathunthu limaweramitsa mitu. Chifukwa chache amai ambiri anafa nacho chinsinsi chotere pofuna kuteteza ana ao. Koma ine ndiganiza kuti manyaziwo tinawaika pa munthu wolakwika. Taonani, Angoni a kuno lero amalankhula Chichewa, ndipo chinenero chimene anatuluka nacho kummwera chinatsala m'nyimbo ndi m'maina. Anawaphunzitsa ndani? Ndi akazi ogwidwa omwewa, amene analera ana a asilikali m'chinenero cha kwao. Ambiri a ife amene timagwira chishango pa ngoma tiri ndi agogo wotere kumbuyo kwathu, ngakhale sitimtchula.

Mai ameneyo anatuluka kwao wopanda kanthu m'manja, koma anasunga zinthu zitatu m'mutu, ndipo anazisiyira mdzukulu wache. Munthu akafuna kumthokoza, iye ankakana mfunda wa m'nyumba imene analeredwamo, nati, “Ine ndine Nabanda.” Ankanenanso kuti kwao ankatunga madzi m'kamtsinje kothira mu Linthipe, ndi kuti dzuwa linkatulukira pa phiri la Chongoni. Mfunda, mtsinje ndi phiri: ndi zimenezi ndinakwera njinga.

Midzi itatu yoyamba sinandipatse kanthu koma madzi akumwa. M'mudzi wachinai anyakwawa anandilandira mwaulemu, nandipatsa mpando, namvetsera nkhani yanga yonse osandidula. Nditatha anakhala chete kanthawi, kenaka anati, “Aphunzitsi, tamva. Koma tiuzeni poyera, kodi mwadzera munda kapena dzina?” Funsolo linandiwawa, koma nditaliganizira ndinaona kuti nloyenera. Malo anachepa, ndipo mlendo wobwera ndi nkhani ya chibale kawirikawiri amabwera ndi khasu kumbuyo. Ngati agogo aja anali mwana wa m'mudzimo, ndiye kuti mwa mwambo ine ndi alongo anga tiri mbumba ya pamenepo, ndipo tikanatha kudzavuta. Ndinayankha kuti munda ndiri nao, nchito ndiri nayo, ndipo chimene ndikufuna ndi kudziwa kokha. Ndinanena zimenezi pamaso pa mboni ziwiri, ndipo pamenepo mpamene anatuma mwana kukaitana mai wina wokalamba.

M'mudzi uli wonse wa Achewa mumakhala mai wotere, amene amasunga mabele a mudziwo m'mutu mwache monga ine ndimasungira maina m'buku. Iye anakhala pa mphasa, natambasula miyendo, nayamba kuwerenga ndi zala. Anati tsinde la mudziwo ndi mai mmodzi wa kwa Banda amene anabala ana akazi atatu. Bele lalikulu ndilo la anyakwawa; bele lachiwiri ndilo lache la iye mwini; ndipo anatchula ana ndi adzukulu a mabele awiriwo mmodzi mmodzi osaphonya, ndi amene anakachona ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg omwe. Atafika pa chala chachitatu anati, “Bele laling'ono linathera ku madzi.” Tsiku limene nkhondo inafika, anthu akuthawira ku phiri, kamtsikanako kanali katapita kukatunga madzi. Atabwerako ku phiri anapeza mapale a mtsuko okha. Anadikira mvula ziwiri, kenaka analira maliro popanda mtembo, nameta.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nkhani yotere ingapezeke m'midzi inanso ya m'mbali mwa Linthipe, pakuti ana amene anatengedwa m'zaka zimenezo anali ambiri. Pa bwalo la milandu sindikanaimirira nayo. Koma mfunda unagwirizana, mtsinje unagwirizana, nyengo inagwirizana, ndipo atandiperekeza ku bwinja la mudzi wakale ndinaona ndi maso anga phiri la Chongoni liri kum'mawa. M'kabuku kanga mibadwo itatu ya pansi ndinailemba ndi inki, koma mzere wolumikiza agogo aja ndi mudzi umenewu ndinaulemba ndi pensulo, ndipo uli chomwecho kufikira lero. Mai wokalambayo sanasamale za inki kapena pensulo. Potsazikana anandigwira dzanja ndi manja ache awiri nati, “Muyende bwino, a Banda,” ndipo anamangirira nkhuku kumbuyo kwa njinga yanga.

Agogo anga nditawafotokozera sanalankhule zambiri, ndipo anakana kupita kukaona malowo, nati miyendo yatha. Koma patapita miyezi ingapo kumudzi kuja kunagwa maliro, ndipo anyakwawa anatumiza uthenga kwa ife monga amachitira ndi abale. Agogo anasinja ufa, nadzaza dengu, nauza amai ndi ine kuti tikapereke. Kuyambira pamenepo uthenga wa maliro umayenda mbali zonse ziwiri. Agogowo atamwalira m'chaka cha 2019, kunabwera amai anai ndi bambo mmodzi ochokera kumudzi kuja. Adzukulu oika maliro anafuna kuwakhazika pamodzi ndi alendo, koma atsibweni anga, aja anali pa bele m'chaka cha njala, anaimirira nawalowetsa amaiwo m'nyumba ya siwa, ndipo anagona momwemo pamodzi ndi mbumba kufikira tsiku lometa.