Mbiri Imene Inali Pansi pa Mapazi a Ana

M'caka ca 1927 Papa anakhazika likulu la Mpingo wa Katolika wa cigawo cino ku Broken Hill, mudzi umene lero uchedwa Kabwe, nauika m'manja mwa ansembe Ajezuiti ocokera ku Poland, mtsogoleri wao ndiye Bambo Bruno Wolnik. Pamene panamangidwa chalichi, sukulu inatsata pambuyo.

Masiku a atsamunda, pa phunziro la mbiri, ana anali kumva kwambiri za Livingstone, za Rhodes ndi za mafumu a ku England. Koma mbiri yaikulu inali pansi pa mapazi ao. Mzungu T. G. Davey anapeza mtobvu pamenepo mu 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo atate a anawo ndiwo anali kukumba mgodiwo. Mu 1921 anchito anafukulamo cigaza ca munthu wakale, cimene akatswiri anati mu 2020 cakhala zaka ngati 300,000. Cinatengedwa kunka ku London, ndipo boma la Zambia lapempha kuti cibwerere.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtobvu linatsala m'dothi, nilidwalitsa ana ambiri. Tsono mphunzitsi wa ku Kabwe ayenera kuyambira pakhomo. Mwana amene adziwa amene anakumba, cimene cinatengedwa ndi cimene cinatsala, adzadziwanso cimene ayenera kufunsa akakula.