Ndani Anaiona Africa Iyenda?

Tsiku lina m'kalasi langa la Giledi 11 ndinadula mapu a dziko ndi sizasi, ndi kulumikiza South America ku Africa. Zinakwanirana ngati zibenthu za mbale yosweka. Mtsikana wina kumbuyo anakweza dzanja: "Ba Ticha, manje ndani anaiona Africa iyenda?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, cifukwa funso lotere ndilo linagwetsa Alfred Wegener.

Wegener anali Mjeremani, katswiri wa zanyengo. Mu 1912 ananena kuti makontinenti onse anali mtunda umodzi umene unang'ambika. Umboni anali nao: miyala yofanana kutsidya lino ndi kutsidya lina la nyanja ya Atlantic, ndiponso masamba a comera cakale ca Glossopteris odindika m'miyala ya ku Africa, India ndi Australia. Malasha athu a ku Maamba ali m'miyala ya mtundu umenewo. Koma atamufunsa cimene cingakankhe kontinenti yathunthu, yankho lake linali lofooka. Anamwalira mu 1930 pa madzi oundana a ku Greenland, akatswiri ambiri a miyala akali kumutsutsa.

Zimene zinabwera kudzamuikira umboni ndi zivomezi. Mu 1928, Kiyoo Wadati wa ku Japan anaonetsa kuti zivomezi zina zimayambira pansi kwambiri, kupitirira makilomita 300, ndipo pambuyo pake anapeza kuti zimandandalikana motsetsereka kulowa pansi pa dziko lao. Mu 1952, Marie Tharp wa ku America, pojambula mapu a pansi pa Atlantic, anapeza cigwa cacitali pakati pa mapiri a m'nyanjamo. Ataikapo malo a zivomezi, zinagwera m'cigwa comweco.

Cotsatira cinali mantha a nkhondo. Kuyambira mu 1961, America inaika makina opimira kugwedezeka kwa nthaka m'malo oposa 100 padziko lonse, kuti idzimva wina akaphulitsa bomba la nyukiliya mobisa. Makinawo sanali kusankha: anali kulemba bomba ndi civomezi comwe. Ndi zolembedwa zimenezo, Lynn Sykes mu 1967 anatsimikiza kuti pansi pa nyanja pakutambasuka. Mu 1968, iye pamodzi ndi Bryan Isacks ndi Jack Oliver anaonetsa kuti zivomezi zimatsata malire a zidutswa zikuluzikulu za cikamba ca dziko. Kwina zidutswazo zikusiyana, kwina zikukhudzana cam'mbali, kwina cina cikumira pansi pa cinzake, monga ku Japan kuja. Ciphunzitso cimeneci ndico plate tectonics. Wegener analakwa pa cinthu cimodzi cacikulu: makontinenti sadziyendera okha, amanyamulidwa pamsana pa zidutswazo.

Ife sitili kutali ndi nkhaniyi. Nyanja ya Tanganyika, imene ifika ku Mpulungu, yakhala mu mng'alu umene ukung'amba Africa pang'onopang'ono, ndipo civomezi cimene cinagwedeza Kaputa mu February 2017 cinacokera m'cigawo comweco.

M'mawa mwake ndinam'patsa mtsikana uja pepala lokhala ndi timadontho ta zivomezi, lopanda dzina la dziko lililonse. Ndinamuuza kuti palibe anaona Africa iyenda, cifukwa zidutswazo zimasuntha masentimita ocepa cabe pa caka, monga zikhadabo zimakulira. Analumikiza timadonthoto ndi pensulo, ndipo mzere unatsika pakati pa Atlantic, wokhota monga gombe la Africa. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati angapite nalo kunyumba pepalalo.