Mmene Uthenga wa Malonda Wakhala Ukuyendera ku Mphunzi

Malonda a ku Mphunzi, dera la m'mapiri a Dedza kumadzulo kwa boma, akhala akudalira njira ziwiri kuyambira kale: yodutsa katundu ndi yodutsa uthenga. Njira ya uthenga ndiyo imauza mlimi mtengo wa nyemba, tsiku lotsegulira msika ndi dzina la wogula. Mabungwe amene achitapo malonda m'derali, kuyambira makampani a azungu mpaka ADMARC, anali ndi vuto lofanana. Mawu ochokera kulikulu ankatsika msanga kufika pamudzi, koma mawu a pamudzi ankakwera movutikira, ndipo kawirikawiri ankathera panjira.

Phiri la Mphunzi limadziwika kwambiri chifukwa cha zithunzi zojambulidwa pamiyala. Ndi mbali ya dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zithunzi zotere ndipo UNESCO inalilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Achewa a m'mapiriwa ankasinthana makasu, mchere, zikopa ndi chakudya. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera maulendo a Ayao ofuna minyanga ndi akapolo, atanyamula nsalu, mikanda ndi mfuti zochokera kugombe la nyanja ya mchere, pamene Angoni a Maseko, pansi pa Chikuse, anali atakhazikika cha ku Domwe. Nthawi imeneyo uthenga unkayenda pakamwa. Ulendo wa amalonda sunkangolowa m'dziko la eni. Unkatsogoza mthenga ndi mphatso kwa mfumu. Mthengayo ankatula mawu pabwalo, nduna zikumva, kuti mawa pasadzakhale wokana. Mboni ndizo zinali kaundula.

Kalata inalowa m'malonda pamodzi ndi azungu. Kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, inayamba mu 1878 ku Glasgow, ndipo kuno ankaiyendetsa ndi John ndi Frederick Moir ali ku Blantyre. Eni chuma anali ku Scotland, oyang'anira ku Blantyre, masitolo ali balalabalala m'dziko lopanda misewu ya galimoto. Funso lopita ku Glasgow linkatenga miyezi kuti yankho lake libwere. Chimene chinkagwirizanitsa zonsezi anali amtengatenga, amuna osenza mitolo pamutu, ndi kapitawo wowatsogolera. Kapitawo ankanyamula chikalata chonena chiwerengero cha mitolo, ndipo pofika pasitolo kalaliki ankawerenga katundu pofanizira ndi zolembedwazo. Ndiye ankamasuliranso pakati pa mzungu ndi onyamula katundu. Dandaulo la malipiro, la njala panjira kapena la mtolo wolemera mopyola linkafika kwa bwana ngati kapitawo wafuna, ndiponso m'mawu amene iye wasankha. Mphamvu yake inali pamenepo.

Boma la atsamunda linayamba ntchito ya positi mu 1891, ndipo mu 1893 Ernest Harrhy wochokera ku Cape anakonza dongosolo la amtokoma olandizana matumba a makalata usana ndi usiku, atavala malaya aatali ofiira. Lamya ya kampani ya Cecil Rhodes, African Transcontinental Telegraph, inamangidwa m'zaka za m'ma 1890 kudzera ku Blantyre ndi Fort Johnston, n'kutsata gombe la nyanja mpaka ku Karonga. Njanji nayo, imene inafika ku Salima mu 1935, inadutsa kunsi kwa mapiri, ku Golomoti ndi Mtakataka. Zonse ziwiri zinalambalala mapiri a Dedza. Kwa munthu wa ku Mphunzi, nkhani ya mitengo inkabwerabe ndi mapazi.

Bungwe loyamba kukhazikika pa Mphunzi penipeni silinali la malonda. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene anayamba ku Mvera mu 1889 n'kutsegula Nkhoma mu 1896, anatsegula Mphunzi mu 1903, chaka chimodzi pambuyo pa Mlanda. Komabe kayendetsedwe kawo kanasiya chizindikiro pa malonda a deralo. Mishoni inali ndi sukulu zambiri za m'midzi, ndipo aphunzitsi ake ankabwera pasiteshoni kudzapereka malipoti, kudzalandira malangizo ndi malipiro, kenako n'kubwerera ndi masileti ndi mabuku. Uku kunali kuyenda kwa uthenga kopita ndi kobwera, chinthu chimene makampani sankasamala nacho kwenikweni. Magazini ya Mthenga, imene inayamba mu 1909, inkafika m'mipingo m'chinenero cha anthu. Koposa zonse, sukuluzi zinatulutsa anthu odziwa kulemba ndi kuwonkhetsa, amene pambuyo pake anakhala makalaliki m'masitolo ndi m'misika ya fodya.

Anthu omwewo ndi amene ankawerengera anzawo makalata a ku Halale ndi ku Joni. Dedza inatumiza amuna ochuluka kukagwira ntchito kumigodi ndi kumafamu, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi, ena paokha. Kalata ya mwamuna inkanena za ndalama zotumizidwa papositi ndi zoti zigwire: msonkho, malata, njinga kapena ng'ombe. Mayi wosadziwa kuwerenga ankapita nayo kwa mphunzitsi, motero chinsinsi cha banja chinkadziwika ndi munthu wachitatu. Masitolo a Amwenye m'misika ya m'midzi ankadziwa bwino kayendedwe ka ndalama zimenezi. Mwini sitolo ankalankhula Chinyanja, ankadziwa banja limene likuyembekeza ndalama, ndipo ankakongoza nsalu n'kulemba m'buku. Iye ankamva za kumudzi kuposa kampani iliyonse ya ku Blantyre. Wenela inaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, ndipo m'zaka za m'ma 1970 momwemo boma la Dr. Kamuzu Banda linachotsa Amwenye m'misika ya m'midzi kuti azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Mabungwe ogula mbewu ndiwo anakulitsa chizolowezi cha uthenga wotsika wokhawokha. Native Tobacco Board inakhazikitsidwa mu 1926 kuti iyang'anire fodya wa alimi a m'chigawo chapakati. Inkalemba alimi m'kaundula, kutumiza alangizi ndi kusankha malo a misika. Mabungwe ogula fodya, thonje ndi chimanga anaphatikizidwa mu 1956, dzina la bungwe latsopanolo linasintha kukhala Farmers Marketing Board mu 1962, ndipo mu 1971 panabadwa ADMARC. Mtengo unkakonzedwa kulikulu, umodzi dziko lonse, n'kulengezedwa pawailesi. Wailesi inali itayamba kufala kuchokera mu 1949, pamene kunabwera yotsika mtengo ya Saucepan Special yomverera mapulogalamu a Chinyanja ochokera ku Lusaka, ndipo MBC inatenga malo mu 1964. Unduna wa zaulimi unkasindikiza magazini ya Za Achikumbi ndi kutumiza galimoto zachikasu zoonetsa kanema ndi zidole m'midzi.

Dongosolo limeneli linali ndi ubwino wake, ndipo si bwino kuubisa. Mlimi wa ku Mphunzi ankanyamuka ndi ngolo akudziwa mtengo, ndipo unali womwewo wa ku Mzimba kapena ku Mulanje. Koma pamsika penipeni mawu omaliza anali a kalaliki wa pasikelo ndi wosankha magiredi. Mlimi akaona kuti mtedza wake waikidwa giredi yotsika, kodandaula kunalibe, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi kudandaula kwambiri kunali kudziputira nkhani. Likulu silinkamva kuti ndalama zogulira zatha pamsika wakutiwakuti kufikira anthu atagona pamzere masiku angapo. Phindu lalikulu la ADMARC m'zaka za m'ma 1970 linkachokera pa kusiyana kwa mtengo wopatsa mlimi ndi wogulitsira kunja, ndipo lambiri linapita kukathandiza ma esiteti. Mtengo wakunjawo wailesi sinkautchula.

Mu 1987 boma linalola amalonda wamba kugula mbewu, ndipo misika yambiri ya ADMARC ya m'midzi inayamba kutsekedwa. Mtengo umodzi uja unatha, m'malo mwake munalowa venda ndi sikelo yake yopachika pamtengo. Iye ankadziwa za ku Lilongwe ndi ku Limbe, mlimi osadziwa. Kuipa kwa uthenga wosakwera kunaonekera poyera mu njala ya 2002. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko, zomwe zinali m'manja mwa National Food Reserve Agency kuyambira mu 1999, chinali chitagulitsidwa, ndipo ziwerengero za zokolola zinakokomeza kuchuluka kwa chinangwa ndi mbatata. Mafumu, mipingo ndi mabungwe ena anayamba kuchenjeza chakumapeto kwa 2001, koma Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngoziyo mu February 2002, anthu a m'chigawo chapakati atayamba kale kufa.

Foni ya m'manja inasintha zinthu mofulumira kuposa zonse zam'mbuyomo. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inabwera mu 1999, n'kusintha kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013. Kusinthaku kukuoneka bwino pa malonda a mbatatesi, mbewu imene mapiri ozizira a Dedza amatchuka nayo pamodzi ndi nyemba ndi kabichi. Mbatatesi ikakumbidwa siichedwa kuwonongeka, choncho nkhani ya tsiku ndi galimoto ndi yaikulu. Lero mlimi asanakumbe amaimbira mnzake ku Chimbiya kapena ku Lizulu kufunsa mmene thumba likuyendera, amagwirizana ndi mwini lole, ndipo ndalama zimalowa pafoni katundu asanatsitsidwe ku Blantyre. Bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa, lomwe linayamba mu 2004, linayesanso kutumizira alimi mitengo pa mauthenga a pafoni.

Komatu kudziwa mtengo si kuupeza. Mlimi amene wakumba kale, ana akufuna fizi, amagulitsa kwa amene wafika ndi galimoto, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu yafumbi yochoka mumsewu wa M1 yaterera. Mkangano wa masiku ano uli pa kukula kwa thumba, popeza ogula amabwera ndi matumba osokerera pamwamba koma mtengo n'kukhala wa thumba limodzi. Boma limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo Malawi Bureau of Standards ndiyo yoyesa masikelo, koma oyendera safika pamsika uliwonse.

Njira yokwezera mawu imene alimi apeza ndi makalabu ndi makopaletivi. NASFAM, yomwe inakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inamangidwa kuchokera pansi: kalabu ya pamudzi imasankha nthumwi zopita kubungwe la dera, ndipo la dera limatumiza zake kulikulu. M'magulu a banki m'khonde, amene amayi ambiri a ku Dedza alimo, mlembi amawerenga masheya ndi ngongole mokweza pamaso pa onse, ndipo bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Magulu amagwa pamene mlembi ndi msungichuma ayamba kumvana awiriwiri, kapena pamene wapampando walandira uthenga wa wogula pafoni yake n'kuusunga mpaka atagulitsa zake. N'chifukwa chake malamulo a makalabu ambiri amafuna kuti mgwirizano uliwonse ndi wogula uwerengedwe pamsonkhano ndi kulembedwa m'buku katundu asanakwezedwe pagalimoto.